Peresenti si kilogalamu

Amalonda athu okaoda katundu ku Kariakoo, mumzinda wa Dar es Salaam, amamva Aswahili akunena kuti "asilimia". Ndi peresenti yathu yomweyi. Mawu akuti peresenti anachokera ku Chilatini, "per centum", kutanthauza pa zana lililonse. Ambiri amayesa kuti peresenti ndi muyeso ngati kilogalamu kapena lita, pomwe iyo imangoonetsa kukula kwa gawo poyerekeza ndi chinthu chonse.

Taganizirani thumba la fetereza wa urea lotsitsidwa padoko la Dar es Salaam, lolembedwa 46%. Ndiye kuti pa makilogalamu 100 aliwonse, 46 ndi nayitirojeni, choncho m'thumba la makilogalamu 50 muli 23 okha. Mlimi akasokoneza apa amalakwitsa mlingo wothira m'munda, ndipo zimandiwawa chifukwa fetereza ndi wodula.

Asayansi ali ndi zizindikiro zinanso. Cha ‰ chili ndi kaziro kowonjezera, kutanthauza pa 1,000: mchere wa m'nyanja ya Indian ndi pafupifupi 35‰, yomwe ndi 3.5% basi. Pamene ppm ndi pa miliyoni, poyezera tinthu tochepetsetsa monga fluoride m'madzi akumwa. Peresenti imodzi ndi 10,000 ppm.