Mayesero, Mafano ndi Chiyanjano: Mawu Atatu a Mlandu wa Nyama ku Korinto

Mutu 10 wa kalata yoyamba ya mtumwi Paulo kwa Akorinto uli ndi mawu atatu amene maphunziro a zaumulungu anadzawalekanitsa pambuyo pake, kotero kuti mayesero amaphunzitsidwa pamodzi ndi uchimo, kupembedza mafano pamodzi ndi Malamulo Khumi, ndipo chiyanjano pamodzi ndi masakramenti. Kulekanitsaku kumapeputsa ntchito ya mphunzitsi, koma kumabisa mfundo yakuti Paulo, polemba kalatayi ali ku Efeso pakati pa zaka za 53 ndi 55, m'mutuwu ankayankha funso limodzi lokha, lokhudza nyama yoperekedwa nsembe kwa milungu, ndipo mawu atatuwo amamveka bwino akamawerengedwa ngati mbali za yankho limenelo.

Mzinda wa Korinto, umene Aroma anauwononga m'chaka cha 146 Khristu asanabadwe ndipo Julius Caesar anaumanganso m'chaka cha 44 Khristu asanabadwe, unali wa madoko awiri, wamalonda, ndiponso wodzaza ndi akachisi. Paulo anakhalamo miyezi 18, ndipo nthawiyo imadziwika bwino chifukwa mwala wolembedwa umene unapezeka ku Delphi umasonyeza kuti Gallio, bwanamkubwa amene anamva mlandu wa Paulo, analamulira Akaya m'zaka za 51 ndi 52. Nyama ikaphedwa pa guwa, gawo lina linkatenthedwa, lina linkapita kwa ansembe, ndipo yotsalayo inkadyedwa pomwepo kapena kugulitsidwa pa msika wa nyama, umene Paulo amautchula kuti makellon. Pafupi ndi kachisi wa Asklepios, mulungu wa machiritso, ofukula zakale anapeza zipinda zitatu zodyeramo, zokhala ndi mabedi amiyala m'mbali mwa makoma, pamene odya ankatsamira chigongono chamanzere n'kumatapa chakudya ndi dzanja lamanja. Ku Oxyrhynchus m'dziko la Egypt kunapezekanso timakalata ta gumbwa toitanira munthu ku phwando la mulungu Sarapis, totchula malo, tsiku ndi ola. Munthu wokana kuitana kotereku ankakana abale, anzake a malonda ndi akuluakulu amene akanamukweza.

Dzina lenileni la nyamayo linali kale mbali ya mkangano. Liwu la Chigiriki lakuti eidolon poyamba linkatanthauza chithunzithunzi, chinthu chooneka koma chopanda thupi, ndipo Ayuda amene anamasulira Malemba a Chihebri m'Chigiriki analisankha dala kuti anyozere nalo milungu ya mitundu ina. Kuchokera pa liwuli panabadwa eidololatria, kutumikira fano, ndi eidolothyton, chophedwera fano. Wopembedza Asklepios sakanatchula nyama yake motero, chifukwa kwa iye inali hierothyton, chophedwa mopatulika, ndipo n'zochititsa chidwi kuti pa ndime 28, pamene Paulo akuyerekezera munthu wina akuchenjeza Mkhristu pa chakudya, amamulankhulitsa liwu laulemuli.

Ena mu mpingo, amene ankadzitama kuti ali ndi chidziwitso, ankanena kuti popeza Mulungu ndi mmodzi ndipo fano si kanthu, kudya m'kachisi kulibe vuto. Gerd Theissen, katswiri wa ku Germany, anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti anthu amenewa ayenera kuti anali olemera, ozolowera nyama ndi maphwando, pamene osauka ankailawa kawirikawiri pa zikondwerero za milungu zokha, motero kwa iwo nyama ndi fano zinali zosalekanitsika. M'mutu 8 Paulo amawayankha odziwawo pogwiritsa ntchito chikondi cha pa mbale wofooka; m'mutu 10 amawauza kuti iwo eni ali pangozi.

Chenjezo lake limayamba ndi mbiri ya Israele m'chipululu, imene amaitchula kuti typoi. Liwu lakuti typos limatanthauza chidindo kapena chikombole, ndipo m'maphunziro a Baibulo linadzakhala dzina la njira yowerengera zochitika za m'Chipangano Chakale ngati zolosera maonekedwe a zinthu za m'Chipangano Chatsopano. Mtambo ndi nyanja zikufanizidwa ndi ubatizo, mana ndi madzi a m'thanthwe zikufanizidwa ndi chakudya ndi chakumwa cha mpingo, koma cholinga cha fanizoli n'choopsa, pakuti onse analandira zimenezo ndipo ambiri anafera m'chipululu. Pa machimo amene akutchulidwa, la mwana wang'ombe wagolide pa Eksodo 32 ndilo lokha limene Paulo amaligwira mawu, ndipo amasankha ndime yonena za kudya, kumwa ndi kusewera, osati yonena za kusula fanolo. Pa mliri wa ku Baala Peori iye amatchula anthu 23,000 pamene Numeri 25 imati 24,000, kusiyana kumene omasulira akale analimbana nako kwambiri ngakhale kuti sikusintha kanthu pa mfundo yake.

Apa m'pamene liwu la mayesero limalowa. Peirasmos, monganso nissah m'Chihebri, ndi liwu lotambalala mofanana ndi mneni wa Chichewa wakuti kuyesa, amene amagwira ntchito pa mwana wolemba mayeso, pa wogula amene akuyesa nsalu, ndi pa munthu wofuna kugwetsa mnzake. Malemba amaligwiritsa ntchito m'njira zitatu, malinga ndi amene akuyesa. Mulungu amayesa munthu, monga anachitira ndi Abrahamu pa Genesis 22, kuti chimene chili mumtima chionekere. Satana amayesa munthu kuti amuchimwitse, monga anachitira ndi Yesu m'chipululu. Munthu nayenso amayesa Mulungu, monga Aisraele anachitira pa Masa, malo amene dzina lake linachokera ku mneni womwewo, ndipo tchimo limeneli ndilo kukakamiza Mulungu kuti aonetse malire a kuleza mtima kwake. Pa ndime 9 Paulo akunena za njira yachitatuyi, ndipo mipukutu ina yakale, kuphatikizapo gumbwa wotchedwa P46, imati amene anayesedwayo ndi Khristu, pamene ina imati Ambuye. Choncho odziwa a ku Korinto, asanakhale oyesedwa, anali oyesa.

Kalata ya Yakobo imakana kuti Mulungu amayesa munthu ndi choipa, ndipo pofuna kugwirizanitsa zimenezi ndi nkhani ya Abrahamu, Augustine wa ku Hippo anasiyanitsa chiyeso chonyenga ndi chiyeso chotsimikizira. Iye anafotokozanso kuti tchimo limafika m'masitepe atatu, ndiwo ganizo lobwera, kukondwera nalo, ndi kuvomereza, ndipo mlandu weniweni umayamba pa kuvomerezapo. Chiphunzitso chimenechi chinathandiza anthu ambiri odzizunza mumtima kuona kuti kuyesedwa si kuchimwa. Martin Luther anawonjezera mbali ina ndi liwu la Chijeremani lakuti Anfechtung, limene limanena za nkhondo ya mumtima pamene wokhulupirira akukayika ngati Mulungu akumukomerabe mtima. Vuto la liwuli silinathe, pakuti Akatolika olankhula Chifalansa anasintha pempho lachisanu ndi chimodzi la Pemphero la Ambuye m'chaka cha 2017, ndipo a ku Italy anachita chimodzimodzi mu 2020, kuti lisamveke ngati Mulungu ndiye amakankhira munthu m'tchimo.

Ndime 13, imene imalonjeza kuti Mulungu salola munthu kuyesedwa koposa mphamvu zake, imatchulidwa kawirikawiri pa maliro ndi pa matenda, ngati kuti ikunena kuti palibe tsoka lolemera kuposa munthu. Chitonthozocho n'chochokera mumtima wabwino, koma si chimene ndimeyo ikunena, ndipo Paulo mwini, m'kalata yachiwiri kwa Akorinto, amavomereza kuti ku Asiya anapsinjidwa koposa mphamvu zake mpaka kutaya chiyembekezo cha moyo. Chiyeso cha pa ndime 13 ndi chikoka cha phwando la m'kachisi, ndipo njira yopulumukira, ekbasis, liwu lotanthauza potulukira, ikufotokozedwa ndi ndime yotsatira, imene imalamula kuthawa. Potulukira pamene Mulungu wakonza ndi khomo la chipinda chodyeramo.

Chifukwa chothawira chili m'liwu lachitatu, koinonia, limene Mabaibulo a Chichewa anazolowetsa owerenga kulimva ngati chiyanjano. M'Chigiriki cha tsiku ndi tsiku linali liwu la malonda ndi la ukwati, lonena za anthu okhala ndi gawo m'chinthu chimodzi, monga momwe Luka amatchulira Yakobo ndi Yohane kuti anali koinonoi a Simoni pa ntchito ya usodzi, kutanthauza kuti phindu ndi kutaya zinali za onse. Chiyanjano choterechi sichidalira mmene munthu akumvera mumtima. Chimamanga ngati pangano. Paulo amaika magome atatu pafupi: chikho ndi mkate zimapatsa Akhristu gawo m'mwazi ndi m'thupi la Khristu, odya nsembe mu Israele amakhala ndi gawo m'guwa, ndipo odya m'kachisi wa fano amakhala ndi gawo mwa amene nsembeyo yaperekedwa kwa iye. Iye amayamba ndi chikho n'kumalizira mkate, mosiyana ndi dongosolo la m'mutu 11, chifukwa akufuna kuima pa mkatewo ndi kunena kuti ambiri odya mkate umodzi amasanduka thupi limodzi. Mgonero wa Ambuye sukuphunzitsidwa pano ngati mutu pawokha. Ukuitanidwa ngati mboni, chinthu chimene Akorinto ankachivomereza kale, kuti chitsimikize kuti kudya pamaso pa mulungu aliyense si kudya wamba.

Odziwawo akanatha kufunsa kuti munthu angayanjane bwanji ndi chinthu chimene kulibe. Paulo savomereza kuti fano ndi mulungu, koma potsamira pa nyimbo ya Mose ya pa Deuteronomo 32 amanena kuti nsembezo zimapita kwa daimonia. Kwa Mgiriki wamba daimon unali mzimu wapakati pa milungu ndi anthu, wabwino kapena woipa, koma m'chilankhulo cha Ayuda ndi Akhristu liwuli linatsalira mizimu yoipa yokha, imene Chichewa cha m'Baibulo chimati ziwanda. Motero kupembedza mafano, m'mutu umenewu, sikuyezedwa ndi zimene munthu amakhulupirira za chosemacho, koma ndi mwambo umene walowamo. Pambuyo pake liwuli linakokedwa mbali ziwiri: msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787 unalichepetsa posiyanitsa latreia, kupembedza koyenera Mulungu yekha, ndi ulemu woperekedwa kwa zithunzi zopatulika, pamene Luther, m'Katekisimu Wamkulu wa 1529, analikulitsa pophunzitsa kuti chilichonse chimene mtima ukudalira chimasanduka mulungu wa munthuyo. Kukulitsaku kuli ndi maziko, popeza kalata ya kwa Akolose imatcha umbombo kupembedza mafano, koma ngati chilichonse chikhala fano, funso la ku Korinto, lakuti munthu akhale pa gome liti, limasowa polowera.

Mikangano ya mmene Khristu amapezekera mu mkate, kuyambira pa msonkhano wachinayi wa ku Lateran mu 1215, umene unagwiritsa ntchito liwu lonena za kusandulika kwa mkate ndi vinyo, mpaka pa kulephera kugwirizana kwa Luther ndi Zwingli ku Marburg mu 1529, inatenga ndime 16 ngati chida, ndipo mbali iliyonse inapezamo zake. Koinonia imanena motsimikiza kuti gawolo ndi lenileni, koma sinena njira yake. Mayina a mwambowu amasungabe mbali zosiyanazi: Mgonero, monga deipnon ya Chigiriki, ndi chakudya chamadzulo, pamene Ukaristia ndi liwu lochokera ku eucharistia, kuyamika.

Malangizo omaliza a Paulo ndi omasuka kuposa mmene chenjezo lake lingachititse munthu kuyembekezera. Kudya m'kachisi n'koletsedwa, koma nyama ya pa msika igulidwe popanda kufunsa kumene yachokera, ndipo Mkhristu woitanidwa kunyumba ya wosakhulupirira adye zimene apatsidwa, pokhapokha wina atanena kuti ndi za nsembe. Pamenepo aleke chifukwa cha syneidesis, chikumbumtima, ndipo chikumbumtimacho si chake koma cha wochenjezayo. Nyamayo payokha ilibe chodetsa. Chimene chimasintha ndi tanthauzo limene kudyako kwapatsidwa pamaso pa anthu.

Mpingo wa m'zaka zotsatira sunatsate kusiyanitsa kosamalitsaku, ndipo unakonda lamulo lachidule la msonkhano wa ku Yerusalemu pa Machitidwe 15, loletsa kudya zoperekedwa kwa mafano. Buku la Chivumbulutso limadzudzula mipingo ya ku Pergamo ndi ku Tiyatira chifukwa cholekerera odya za mafano, buku lakale la malangizo lotchedwa Didache limaletsa nyamayo kotheratu, ndipo Justin Martyr ankaona odya ngati Akhristu a dzina lokha. Cha m'ma 112 Pliny, bwanamkubwa wa Bithynia, analembera mfumu Trajan kuti nyama ya nsembe inali itasowa ogula kufikira iye atayamba kuweruza Akhristu. M'chaka cha 250 mfumu Decius inalamula anthu onse kupereka nsembe ndi kulandira kalata ya umboni yotchedwa libellus, ndipo makalata otere amene anapezeka ku Egypt amanena kuti mwini wake anathira chakumwa, anapereka nsembe, ndiponso analawa nyamayo pamaso pa akuluakulu a boma. Akhristu ambiri analawa, ena anagula kalatayo kwa alembi osapereka nsembe, ndipo chizunzo chitatha ambiri mwa iwo anabwerera kudzapempha Mgonero. Cyprian, bishopu wa ku Carthage, anawayankha ndi mutu womwewu wa kalata ya kwa Akorinto, ndipo msonkhano wa mabishopu umene anautsogolera mu 251 unagamula kuti ogula makalata abwezeretsedwe atalapa, koma opereka nsembe alandire Mgonero akakhala pafupi kufa, lamulo limene mabishopu omwewo analifewetsa pasanapite nthawi yaitali ataona kuti chizunzo china chayandikira.