Mankhwala a m'chamba: zomwe amachita pa nyama ndi pa chitetezo cha m'thupi

MUTARE – Mu April 2018 boma la Zimbabwe lidalola kulima chamba, chomwe kuno amachitcha mbanje, kwa okhawo omwe ali ndi chiphaso ndipo akulimira mankhwala kapena kafukufuku. Dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo longa lomweli mu 2020. Ku Mutare, mzinda wa m'malire ndi Mozambique, mbanje ndi fodya wodziwika kuyambira kale, koma ndi ochepa omwe amadziwa momwe amagwirira ntchito m'thupi.

Mphamvu ya chamba ili m'timankhwala totchedwa ma cannabinoid. Kamene kamaledzeretsa ndi THC, ndipo Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni ndiwo adakapatula ku Israel mu 1964. THC akalowa m'magazi amakamatirira pa tizigawo ta maselo tomwe tili ngati maloko olandira kiyi wake. Maloko odziwika bwino ndi awiri. CB1 amapezeka kwambiri muubongo, pamene CB2, yemwe adapezeka mu 1993 ku Cambridge, amachuluka m'kapamba ndi m'maselo oteteza thupi. Thupi lenilenilo limapanganso makiyi ake a maloko amenewa, monga anandamide amene adatulukiridwa mu 1992.

Zambiri zomwe akatswiri akudziwa zidachokera pa mbewa. Mbewa yopatsidwa THC imaonetsa zizindikiro zinayi: imasiya kuyendayenda, thupi limazizira, siimva ululu msanga, ndipo ukaiika miyendo yakutsogolo pa kamtengo imangoti njo pomwepo kwa nthawi yaitali. Mbewa zomwe zidabadwa zopanda CB1 sizionetsa zambiri mwa zizindikirozi, umene uli umboni wakuti khalidwe limasinthira pa loko ameneyu. Galu akadya chamba amadzandira, amaodzera ndiponso amadzikodzera.

Nkhani ya CB2 ndiyo yofunika kwambiri m'chigawo chino, komwe mabanja ambiri ali ndi wina amene akumwa ma ARV. Pa nyama, THC amachepetsa kutupa, komanso amafooketsa mauthenga omwe maselo oteteza thupi amatumizirana akaona mdani. M'zaka za m'ma 1990, Thomas Klein ndi anzake ku University of South Florida adaonetsa kuti mbewa zopatsidwa THC zinkalephera kulimbana bwino ndi kachilombo ka Legionella, koyambitsa chibayo. Mphamvu yomweyo imene ingathandize wodwala nyamakazi ingathe kutsegulira khomo matenda ena.

Komabe mbewa si munthu, ndipo muyeso umene amazipatsa nthawi zambiri umakhala waukulu zedi poyerekeza ndi thupi lake. Kafukufuku wa Donald Abrams ku San Francisco, wofalitsidwa mu 2003, adapeza kuti anthu omwe ali ndi HIV atagwiritsa ntchito chamba kwa masiku 21, tizilombo sitidachuluke m'magazi ndipo ma CD4 sadatsike. Masiku 21 ndi ochepa kwambiri kwa munthu amene amasuta chaka ndi chaka, ndipo utsi pawokha umaononga mapapo, omwe TB imawasakasaka kale.

Mu 2022 bungwe loona za mankhwala ku Zimbabwe, la MCAZ, lidayamba kulola kulembetsa mankhwala a CBD, cannabinoid wina amene saledzeretsa. CBD amagayidwa m'chiwindi, momwenso mankhwala ena ambiri amadutsa, choncho amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku ayenera kuyamba wafunsa dokotala wake.