Mawu Amene Makhonsolo a ku Japan Amagwirizanira pa Okalamba

Ku Nanmoku, mudzi wa m'mapiri a chigawo cha Gunma ku Japan, mwa anthu khumi alionse oposa asanu ndi mmodzi ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo. Dziko lonselo nalo likulowera komweko, chifukwa anthu pafupifupi 29 pa 100 alionse afika kale msinkhu umenewu. Katswiri wina wofufuza za kakhalidwe ka anthu, Akira Ono, anatchukitsa dzina loti genkai shuraku, kutanthauza mudzi wofika pamapeto. Umenewu ndi mudzi umene okalamba apitirira theka, moti anthu oyendetsa maliro, olambula misewu ndi ogwapa ngalande sakupezekanso okwanira. Khonsolo yokhala ndi midzi yotere imatolera msonkho wochepa, chonsecho ofuna chithandizo ndiye ochuluka.

Mawu oyamba kuwadziwa ndi kaigo. Si kuchiza matenda ayi. Ndi kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza pabedi ndi kuperekeza kuchimbudzi munthu amene sangathenso kuchita zimenezi yekha. Kale ntchitoyi inkagwera mkazi wa mwana wamwamuna woyamba, ndipo ambiri inkawathyola msana mwakachetechete. Mu Epulo 2000 boma linayambitsa kaigo hoken, inshuwalansi ya chisamaliro chotere. Aliyense amayamba kusonkha akakwanitsa zaka 40. Theka la ndalama limachokera m'zosonkhazo, theka lina ku misonkho, ndipo wothandizidwayo amalipirako gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena awiri kapena atatu ngati ndi wopeza bwino.

Pamene pagona nkhani ndi pa mawu akuti hokensha, mwini thumba la inshuwalansi. Lamulo linati mwini thumba si boma la ku Tokyo koma khonsolo ya mzinda, tauni kapena mudzi. Khonsolo iliyonse imawerengera yokha zimene okalamba ake azisonkha, ndipo imaunikanso pakatha zaka zitatu zilizonse. Mu mzinda waukulu wa Yokohama agogo makumi awiri akalowa m'nyumba zosamalirako okalamba, thumba silimva n'komwe. M'khonsolo ya anthu zikwi ziwiri, agogo omwewo angakweze chosonkha cha aliyense.

Kenaka pali nintei, kuyeza kuti munthu akufunika chithandizo chochuluka bwanji. Wofufuza amafika pakhomo ndi pepala la mafunso 74. Amaona ngati gogoyo angadzuke pampando osagwira kanthu, ngati angavale ndi kuvula malaya yekha, ngati akukumbukira tsiku limene anabadwa, ngati amatuluka n'kusochera. Mayankho amalowa mu kompyuta, dokotala wake amalembanso maganizo ake, ndipo komiti ya anthu pafupifupi asanu odziwa za chipatala ndi za chisamaliro ndiyo imagamula. Magulu alipo asanu ndi awiri: awiri a yoshien, ongofunika kuchirikizidwa pang'ono, ndi asanu a yokaigo, pomwe lachisanu ndi la munthu wodalira ena pa chilichonse. Gulu limene munthu waikidwamo ndilo limanena kuchuluka kwa chithandizo chimene angalandire pamwezi. Tsono mudzi wokhala ndi dokotala mmodzi, yemwenso amadziwana ndi banja lililonse, uitenga kuti komiti yosakondera? N'chifukwa chake makhonsolo ang'onoang'ono ambiri amakhala ndi komiti imodzi yogawana.

Njira zogwirizanirana zili ndi mayina ake. Yakale ndi ichibu jimu kumiai, bungwe limene makhonsolo amapanga kuti ligwire mbali ina ya ntchito zawo, monga kutentha zinyalala kapena kuzimitsa moto. Yatsopano ndi koiki rengo, mgwirizano wa dera lalikulu, umene unalowa m'malamulo mu 1994. Uwu uli ndi mtsogoleri wake ndi nyumba yake ya makhansala, ndipo ungalandire ntchito mwachindunji kuchokera ku boma lalikulu. Makhonsolo sasungunuka, iliyonse imakhalabe ndi meya wake ndi dzina lake. Izi n'zosiyana ndi gappei, kuphatikizana kwenikweni, kumene kunachepetsa makhonsolo kuchoka pa 3,232 mu 1999 kufika pa 1,727 mu 2010.

Chitsanzo chodziwika ndi cha m'chigawo cha Fukuoka, kumene mgwirizano wa inshuwalansi ya kaigo unakhazikitsidwa mu 1999 ndipo lero ukuphatikiza makhonsolo 33. Thumba lalikulu linabweretsa bata, koma linabweretsanso madandaulo. Makhonsolo amene okalamba awo ankagwiritsa ntchito ndalama zochepa anaona ngati akulipirira anzawo, moti mgwirizanowo unagawa mamembala m'magulu atatu osonkha mosiyana. Kudandaula kumeneku n'komveka, ndipo mgwirizano umene umakana kukumva sukhalitsa.

Mu 2008 boma silinadikenso kuti makhonsolo afune okha. Linakhazikitsa inshuwalansi ya chipatala ya anthu a zaka 75 kupita m'tsogolo, n'kulamula kuti m'chigawo chilichonse mwa zigawo 47 makhonsolo onse alowe mu koiki rengo imodzi yoyendetsa thumbalo. Anthu a msinkhuwu anawatcha koki koreisha, okalamba a gawo lotsiriza. Dzinali linawawa ambiri, chifukwa munthu amene akulimabe munda wake safuna kumva kuti wafika kumathero. Boma la nduna yaikulu Yasuo Fukuda linayesa kulifewetsa ndi dzina lina lokamba za moyo wautali, koma loyambalo ndilo linakakamira. Palinso vuto lina losamveka kwambiri: atsogoleri ndi makhansala a migwirizano imeneyi amasankhidwa ndi mameya ndi makhansala anzawo, osati ndi anthu wamba. Gogo wodandaula za chosonkha amapita ku khonsolo yake, n'kukauzidwa kuti chinagamulidwa kwina. Apa ndiye pamene dongosololi lili ndi ngongole kwa anthu ake.

Pamene thumba likukulira kutali, chisamaliro chenichenicho boma likuchikokera pafupi. Mawu ake ndi chiiki hokatsu kea: nyumba, chipatala, kaigo, kupewa kufooka ndi chithandizo cha tsiku ndi tsiku zikhale pamalo oti munthu angazifikire m'mphindi pafupifupi 30, dera lofanana ndi limene sukulu imodzi ya sekondale yoyambirira imatengako ana. Boma linaika maso pa chaka cha 2025, pamene onse obadwa pakati pa 1947 ndi 1949, mbadwo waukulu wa nkhondo itangotha, anali atakwanitsa zaka 75. Kuyambira mu 2006 makhonsolo amatsegula maofesi a dera okhala ndi namwino wa zaumoyo, wa zachisamaliro cha anthu, ndi mkulu wa okonza ndondomeko ya chithandizo. Kumeneko ndi kumene amafikira mayi wa zaka 80 amene akusamalira mwamuna wa zaka 85, zimene a ku Japan amati roro kaigo. Khonsolo ya kumapiri imene yalephera kupeza akatswiri atatuwa imagogodanso kwa khonsolo yoyandikana nayo.