Mafunso ndi Mayankho: Anayamba Ndani Kupusitsa Nsomba ndi Nyambo Yamtengo?

FUNSO: Mphwanga amene ali ku America wanditumizira kansomba kamtengo kokhala ndi mbedza kumimba ndi kumchira. Akuti kumeneko amawedzera chinsomba chotchedwa muskie, ndipo ukakakoka kamayenda uku ndi uku. Kodi nzeru yopusitsa nsomba chonchi inayambira kuti? Wowerenga wa ku Monkey Bay.

YANKHO: Bambo, muskie ndi nsomba yolusa ya m'madzi ozizira a ku Wisconsin, Minnesota ndi Ontario. Ndi yaitali, yamano akuthwa, ndipo imapitirira mita imodzi. Ina yomwe inagwidwa kufupi ndi tauni ya Hayward mu 1949 akuti inalemera makilogalamu oposa 30, koma mpaka lero asodzi akumeneko akukanganabe ngati sikelo inanena zoona. Asodzi ndi amodzi dziko lonse lapansi.

Kansomba kanuko kali ndi mtovu m'mimba, wolinganizidwa bwino kuti kazimira pang'onopang'ono kosazondoka. Msodzi akagwedeza ndodo n'kulekerera chingwe, kamatererekera kumanja, akagwedezanso, kumanzere. Kakutsanzira nsomba yovulala yomwe yalephera kuwongola ulendo, chifukwa nsomba yolusa siitaya mphamvu kuthamangitsa yathanzi pomwe yopunduka ili pafupi.

Woyambitsa mmodzi palibe. Ku Katanda, m'mbali mwa mtsinje wa Semliki ku Congo, ofukula zakale anapeza mikondo yamafupa yomwe anthu ankabayira milamba zaka pafupifupi 90,000 zapitazo. M'phanga lina pachilumba cha Okinawa ku Japan munapezeka mbedza zosemedwa kuchokera ku zigoba za nkhono, za zaka pafupifupi 23,000. Koma tsiku lomwe munthu anasiya nyongolotsi n'kumangirira pambedza chinthu chosadyeka, limenelo linapita ndi eni ake. Cha m'ma 200 Yesu atabadwa, mlembi wa ku Roma dzina lake Claudius Aelianus analemba za asodzi a ku Macedonia omwe ankakulunga ubweya wofiira pambedza n'kumangirirapo nthenga ziwiri za tambala, kuti nsomba iziyesa ndi kachilombo kogwera pamadzi. Ndipo iye ankangofotokoza zomwe anthuwo ankachita kale.

Tinsomba tamtengo togulitsa m'sitolo ndi tadzulodzuloli. James Heddon, mlimi wa njuchi wa ku Dowagiac ku Michigan, anayamba kusema take m'zaka za m'ma 1890, ndipo pofika 1902 inali bizinesi. Ku Finland, msodzi wosauka Lauri Rapala, wa panyanja ya Päijänne, anasema kake mu 1936, n'kukakutira ndi pepala lonyezimira lokulungira chokoleti. Iyeyu ndimamulemekeza chifukwa nzeru yake anaitola poyang'anitsitsa m'madzi: anaona kuti pagulu la tinsomba, chilombo chimasankha kamene kakusambira motsimphina.

FUNSO: Ndinamva kuti nyambo yachitsulo yonyezimira ija inayamba pamene mzungu wina anagwetsera supuni m'nyanja. N'zoona? Mphunzitsi wa ku Namiasi.

YANKHO: Aphunzitsi, nkhaniyi ndi yokoma, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Amati mnyamata wina, Julio Buel, ankadya m'bwato panyanja ya Bomoseen ku Vermont, supuni yasiliva n'kumupulumuka. Ikumira mogwedezeka, chinsomba chinaimbwandira. Mnyamata uja liwiro la kunyumba, kukadula chogwirira cha supuni ina n'kuwotchererapo mbedza.

Buel analikodi, ndipo mu 1852 boma la America linamupatsa chikalata chaumwini wa nyambo yake. Koma chaka chomwe supuni inagwa chimasuntha malinga ndi wokamba: ena amati m'ma 1820, ena m'ma 1830. Komanso Heddon uja naye ali ndi nthano yake yofanana ndendende: akuti ankasema kamtengo podikira mnzake, n'kukaponya padziwe, nsomba n'kukalumphira. Amalonda awiri, ngozi ziwiri zamwayi, ndipo onse awiri anali ndi katundu wofuna kugulitsa. Ine pamenepo ndimakweza nsidze.

Chotsimikizika n'chakuti anthu a pazilumba za m'nyanja ya Pacific ankakoka zigoba zonyezimira kumbuyo kwa mabwato awo n'kumagwira nsomba zikuluzikulu Buel asanabadwe n'komwe. Amalinyero a Captain Cook anatengako nyambo zimenezi m'zaka za m'ma 1770, ndipo zikadali m'nyumba zosungiramo zakale ku Ulaya. Choncho ana asukuluwo auzeni kuti Buel anagulitsa nzeruyi, sanaiyambe. Ndiponso munthu wodyera supuni yasiliva m'bwato si msodzi ayi, ndi mlendo wokaona nyanja.

FUNSO: Ndiye kuti ife a kunyanja kuno tilibe gawo pa nkhani ya nyambo zabodzazi? Msodzi wa ku Msaka.

YANKHO: Achimwene, khalani pansi, chifukwa mwandifika pamtima. Katswiri wamkulu wa bodzali ali pakhomo panu pomwepo, ndipo si munthu. Ndi nsomba yotchedwa kaligono.

Kaligono ndi wa banja limodzi ndi chambo, mbuna ndi utaka. Amakula mpaka masentimita 25, ndipo monga abale akewo, wamkazi amafungatira mazira ndi ana m'kamwa. Thupi lake ndi loyererako, lokhala ndi mawanga akuluakulu ofiirira osalongosoka. Ukamuona m'bwato umangoti ndi nsomba yamawangamawanga basi. Umuone pansi pamadzi, pamchenga, ndi pomwe umazindikira ntchito ya mawangawo: amafanana ndi thupi la nsomba yomwe inafa dzana ndipo yayamba kuwola.

Amachita chonchi. Amasankha malire a mchenga ndi udzu wam'madzi uja wamasamba aataliatali, pomwe tiana tansomba timasonkhana. Nthawi zina amatsika n'kukhazika mimba pamchenga, kenako n'kugwera kumbali pang'onopang'ono. Nthawi zina amachokera pamwamba ngati akufuna kudzikanda pamchenga monga nsomba zimachitira, koma m'malo modzukanso amalowerera pang'ono mumchengamo n'kungoti zii, atagona chammbali. Diso limodzi lili mumchenga, linalo likuyang'ana kumwamba. Tinsomba tija timayamba tabalalika. Kenako kamodzi kamabwerera, kenanso, mpaka kagulu kamuzungulira, chifukwa tinsomba tating'ono sitikana nyama yaulere. Kolimba mtima kamasendera kumutu kuti kajomphe. Pomwepo malemu aja amadzuka ndi liwiro, kukamwa kuli yasa, ndipo wobwera kudzadya ndi amene wadyedwa. Otsala akamwazikana, kaligono amasambira modekha kukafuna gulu lina lomwe silinamve za maliro oyambawo, n'kukafanso kumeneko.

Katswiri wa nsomba Kenneth McKaye, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku Cape Maclear, anamira ndi mabotolo a mpweya kukaonerera khalidweli ndipo anasindikiza zomwe anaona mu 1981. Anapeza kuti kaligono aliyense ali ndi dera lake, pafupifupi mamita 15 m'lifupi ndi 40 m'litali, motsata m'mphepete mwa udzu, ndipo salola mnzake kudzafera pamalo pake. Amanamizira kufa kangapo pa theka la ola lililonse. Koma pa maola anayi omwe katswiriyu anakhala akuyang'ana, anaona nsombayi ikugwira chakudya katatu kokha. Ganizirani kufa kambirimbiri chonsecho kuti udye katatu! Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo a ku America nawo amadziwa zimenezi, pakuti amati muskie umaiponyera nyambo ka 10,000 isanalume.

Nsomba zambiri ndi nyama zina zimanamizira kufa pofuna kupulumuka kwa mdani. Zonamizira kufa pofuna kupha n'zowerengeka chabe: pali ina m'nyanja ya Tanganyika ndi ina ku Central America, koma ya kwathu kuno ndi yomwe inatchuka nazo m'mabuku a sayansi. Tsono yerekezani. Msodzi wa muskie amagula mtengo, utoto, mtovu, waya ndi ndodo yodula kuti atsanzire nsomba yomwe yatsala pang'ono kufa. Kaligono amatsanzira yofa kale, ndipo nyambo, mbedza ndi msodzi ndi iye mwini.

Chimandinyansa n'chimodzi. Pamene Albert Günther wa ku British Museum ku London analemba nsombayi m'mabuku a sayansi mu 1894, ulemu wa dzina anaupereka kwa David Livingstone, yemwe anafika kunyanja kuno mu 1859 n'kupeza anthu akuwedza kale. Alendo amawoloka nyanja zamchere kudzaona mbuna ku Thumbi ndi ku Otter Point, n'zabwino ndithu. Koma mwana wa Sitandade 6 ku Chembe amadziwa bwino za mkango wa m'buku kuposa za kaligono yemwe ali mamita ochepa kuchokera pomwe amayi ake amatsukira mbale.

Anthu nafenso sitinagone. Nyali ya siginala pa usodzi wa kauni ndi nyambo yosadyeka: kuwala kumasonkhanitsa usipa mpaka khoka la chilimira litauzinga, n'chifukwa chake ntchitoyi imayenda bwino mwezi ukakhala mumdima. Zinayamba ndi miuni yamoto, kenako nyali za Tilley za parafini, lero ndi mababu oyendera batire. Chaka chomwe muuni woyamba unayatsidwa panyanja palibe anachilemba, poti oyatsawo anali otanganidwa ndi usipa.

FUNSO: Nanga munthu wofuna kuyesa nyambo zoterezi kuno asankhe yotani? Wowerenga wa pa Mangochi Boma.

YANKHO: Bambo, yambani mwafunsa kuti nsomba yomwe mukuifunayo imadya chiyani. Chambo amasefa ndere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndiye kansomba kamtengo alibe nako ntchito. Kampango amasaka usiku, pansi, podalira ndevu zake ndi fungo. Ameneyo mupatseni usipa weniweni pambedza monga achitira makolo. Wanu ndi ncheni, wamtali, wasiliva, wamano oonekera, yemwe amathamangitsa usipa pakati panyanja. Winanso ndi mpasa, womwe owedza mwamasewera amaugwira ndi tizitsulo tozungulira ukamakwera mitsinje ngati Bua ku Nkhotakota.

Nyambo za muskie zimatalika masentimita 15 mpaka 25, zina kuposa apo, pomwe usipa nthawi zambiri sufika n'komwe pa 13. Choncho sankhani yowonda, yasiliva, ya msinkhu wa usipa. Musanaigule, kapena mukangoigula, iyeseni m'madzi osaya: izimira chogona, osati mutu kapena mchira pansi. Yozondoka siitererekera m'mbali, imangozungulira n'kupota chingwe. Mitundu yowala ya utoto imakopa wogula kuposa nsomba. M'madzi oyera ngati a ku Cape Maclear, mayendedwe ndi amene amagwira ntchito, pakuti nsomba ili ndi mzere m'mbali mwa thupi womwe imamvera kugwedezeka kwa madzi ngakhale isanaone kanthu. Pokoka musapupulume: gwedezani, lekererani chingwe, imani kaye. Nthawi zambiri nsomba imaluma pa kuimako, pamene nyambo ikuoneka kuti yatheratu mphamvu. Ndipo kumbukirani kuti m'dera la Lake Malawi National Park, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, kuwedza n'koletsedwa mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi zilumba zake.

Simunandifunse izi, koma ndinena. Mbedza imagwira nsomba imodzi pa nthawi, ndipo siidzatha nyanja. Chomwe chimatha nyanja ndi khoka la maso aang'ono, ndi neti yaudzudzu yomwe yasanduka ukonde, zokokedwa pansi mpaka kuzula udzu wam'madzi. Ku Malombe tinaona: udzu utatha, chambo chinagwa kwambiri pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo makomiti a m'madooko omwe anayamba mu 1993 akulimbana nazobe mpaka lero. Udzu umenewo ndi mobisalamo ana a chambo, ndi momwemonso kaligono amatcherera. Amene akukoka neti yaudzudzu pagombe la kwanu musamuyang'ane chabe; kauzeni a komiti ndi amfumu lero lomwe.