Gule saimilila kuti umukope

Ngati munayesapo kukopa anzanu ovina pa siteji usiku, mudziwa zimene foni imacita: nkhope zimatuwa, manja amaoneka ngati utsi. Vuto ili ni lakale kwambili. Kamela imafuna kuwala kwambili na cinthu cokhala phee, koma gule ni wothamanga, ndipo holo ya masewelo imakhala yamdima.

M'zaka za m'ma 1800, zithunzi za ovina zinali kukopedwa mu situdiyo. Wovina anali kukweza mwendo n'kuima osagwedela kwa masekondi angapo, citsulo cobisika kumbuyo cikumugwilila mutu. Mu 1883, Benjamin Falk anakopa sewelo la A Russian Honeymoon pa siteji yeniyeni ku New York na magetsi amphamvu, koma osewela anacita kuima ngati zosema.

Anthu awili anabwela na mayankho osiyana m'ma 1930. Barbara Morgan anaona Martha Graham akuvina mu 1935, ndipo anayamba kugwila naye nchito. Anali kupenyelela gule mmodzimodzi kangapo, n'kusankha kamphindi kamene kanyamula tanthauzo lonse. Pambuyo pake anali kuitanila Graham ku situdiyo, kuika malaiti mmene afunila, n'kumuuza kuti abweleze citepe cimodzi mpaka cituluke bwino. Cithunzi ca 1940 ca gule wa Letter to the World, pamene Graham waponya mwendo kumbuyo ndipo delesi yatambasuka ngati phiko, cinabadwa conco. N'cokongola maningi, koma panalibe openyelela pamene cinali kukopedwa.

Alexey Brodovitch anakana njila imeneyo. Pakati pa 1935 na 1937, anali kuima m'mbali mwa siteji pamene magulu a Ballets Russes anali kuvina ku New York, atanyamula kakamela ka Contax. Sanayatse fulashi. Anaseguka kamela kwa nthawi yaitaliko kuti kuwala kocepa kuja kulowe, ndipo ovina anatuluka osaoneka bwino: miyendo yosungunuka, nkhope zopanda maso, malaiti othwanima mopitilila. Akatswili a nthawi imeneyo akanataya zithunzi zotelo. Iye anazisonkhanitsa 104 m'buku lakuti Ballet mu 1945, makope pafupifupi 500 cabe. Manegetivu ake anapsa na moto pa famu yake mu 1956.

Kwa ine, Brodovitch ndiye anafika pafupi na zimene munthu amaona ali mu holo. Maso athu naonso sagwila citepe ciliconse. Timatsala na liwilo, thukuta na fumbi. Morgan anatisungila thupi la Graham mwaukhondo, cala ciliconse pamalo pake, ndiye cifukwa cake ophunzila gule akali kutsegula buku lake la 1941 kuti aone mmene Graham anali kupindila msana.