Maboti a injini ndi matope a Chilwa

Achinyamata ambiri a ku Mulanje kuno amadabwa ndikawauza kuti boma lathu linali ndi gombe la nyanja. Mpaka 1998, pomwe Phalombe idakhala boma palokha, asodzi a ku Swang'oma pa nyanja ya Chilwa anali anthu a Mulanje. Ngakhale phiri lathu linali ndi gawo pa ntchito ya pamadzi, poti mkungudza suwola msanga ndipo okhoma maboti ankaufuna. Lero mtengowo watsala pang'ono kutheratu.

Kale pa Chilwa anthu ankayenda pa bwato losema, kukankha ndi nsungwi yaitali chifukwa nyanjayi njosaya. Maboti a matabwa adabwera pambuyo, kenako injini. Mwini injini ankaoneka bwana. Ankanyamula anthu, njinga ndi matumba a matemba ouma, ena opita ku chilumba cha Chisi, ena ku Kachulu.

Amalume anga anali mmodzi wa mabwana amenewo. Injini adaigula yogwirapo kale ntchito, ndipo ine ndimati ndi imene idawalemba ganyu, osati iwo kuilemba. Madzi a Chilwa ndi a matope ndiponso a mchere pang'ono, poti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Injini imayamwa madzi omwewo kuti izizire, choncho matope ankadya kampira ka m'pampu, injini nkutentha, nkuzima pakati pa nyanja. Pulopela ikakola m'njedza kapena mu ukonde wotayidwa, kapini kake kankathyoka, amalume nkudula msomali kuikapo. Mapulagi ankayenda nawo m'thumba la malaya. Petulo akalowa madzi, kabuleta ankaimasula pa chitenje, apaulendo akung'ung'udza kuti dzuwa lalowa. Sipeya wamkulu ankakamfuna ku Limbe, ndipo ulendo wokhawo unkadya phindu la masiku angapo. Azakhali ankangoti, "Nkhuku zanga zathera m'chitsulo chimenechi."

Koma chidawagwetsa si ukalamba wa injini wokha. Mu 1994 boma lidasiya kwacha kuti izipeza mtengo wake pamsika, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera. Chaka chotsatira, 1995, nyanja idaphwa monga idachitira mu 1968. Boti lidakhala pamtunda, matabwa adauma nkutseguka m'mizere, misomali idachita dzimbiri. Madzi atabwerera, panafunika phula, nsanza zomatira, matabwa atsopano ndi mmisiri. Injini nayo inali itagwirana m'kati chifukwa chokhalitsa. Mwini bwato losema adangomata ming'alu nabwerera pamadzi. Amalume adagulitsa boti nayamba kulima mpunga.

Amene adalimbikira adakumananso ndi kusowa kwa mafuta mu 2011 ndi 2012, kuphwa kwina kwa nyanja mu 2018, ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Zimandipweteka anthu akamanena kuti eni maboti akale ndi osasamala. Ambiri amakonza ndi zimene ali nazo chifukwa injini yatsopano sangaikwanitse, chonsecho m'maboti omwewo ndimo mumakwera odwala ndi amayi oyembekezera a ku Chisi. Amene mumakonza za ngongole za asodzi, ikanimo ndalama za sipeya ndi maphunziro a amakaniko a pagombe, ndipo chaka chimene nyanja yaphwa musamawalondole ngongole.