Kathonje ka m'mphuno: mbiri ya kuyeza kachilombo

M'chaka cha 1983, Kary Mullis, katswiri wa sayansi pakampani ya Cetus ku California, anatulukira njira yochulukitsira kachidutswa ka DNA mpaka kakhale mamiliyoni, kuti makina athe kukaona. Njirayi ndiyo PCR, ndipo inamupatsitsa mphoto ya Nobel mu 1993.

Mliri wa Covid-19 utabuka, njira yomweyi ndiyo inathamangiridwa. Asayansi a ku China anaulutsa kapangidwe ka kachilomboka pa 11 Januwale 2020, ndipo pasanathe sabata bungwe la WHO linafalitsa ndondomeko yoyezera yomwe gulu la Christian Drosten linakonza pachipatala cha Charité ku Berlin.

Komatu mphamvu ya PCR ndi yomwenso imaipusitsa. Poti imachulukitsa chilichonse chomwe yapeza, kadontho kamodzi kotayikira pathebulo la labotale n'kokwanira kuti munthu wabwinobwino auzidwe kuti ali ndi kachilombo. Zinaoneka ku America mu Febuluwale 2020: zida zoyezera zomwe bungwe la CDC linatumiza m'zigawo zinali ndi vuto, moti ngakhale madzi oyera ongoyesera ankaonetsa ngati muli kachilombo. Panapita masabata mliri ukufalikira anthu asakuyezedwa mokwanira.

Vuto lina limayambira pamphuno penipeni. Kathonje kaja kakapanda kulowa mkati mpaka misozi kulengeza, kapena munthu akayezetsa patangopita tsiku limodzi chitengereni kachilombo, zotsatira zimatha kunena kuti alibe. Amene anayezetsapo HIV akudziwa chifukwa chake aphungu amati tibwerenso pakapita miyezi itatu.

Ku Tanzania nkhaniyi inalowa ndale. Mu Meyi 2020, Pulezidenti John Magufuli ananena kuti papaya ndi mbuzi zapezeka ndi kachilombo kulabotale ya boma. Kenako dzikolo linakhala chaka chathunthu osaulutsa chiwerengero cha odwala. Kumeneko kunali kutseka maso moto uli padenga.

Kuno ku Malawi, odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020, ndipo makina a GeneXpert oyezera chifuwa chachikulu anadzathandizanso kuyeza Covid-19. Anyamata ndi atsikana a m'malabotale omwe anagwira ntchitoyi tisawaiwale. Boma liwapatse maphunziro, magetsi odalirika ndi mankhwala oyezera panopa, mliri wina usanagogode.